Chaka Chamawa N'chathu: Mkangano wa Masapota a Chicago Cubs

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike)

WOULUTSA:  Lero tili ku America, mumzinda wa Chicago, komwe kuli timu ya baseball yotchedwa Chicago Cubs. Nkhani yathu yagona pa miyezi imene kulibe masewero, kuyambira Novembala 2015 kufika Malichi 2016, bwalo lili zii, kunja kukuzizira koopsa, koma masapota ali pakamwa mbee kukangana za yemwe agulidwe ndi yemwe agulitsidwe. Mu studio muno ndili ndi mnzanga amene masewerowa amawatsata. Achimwene, takulandirani.

MLENDO: Zikomo achemwali.

WOULUTSA: Ambiri mwa ife baseball timangoiona m'mafilimu, munthu atanyamula chibonga. Tatiunikirani pang'ono tisanalowe m'nkhani.

MLENDO: Mwachidule, matimu awiri a anthu 9 amasinthana: ina ikumenya mpira, ina ikuponya ndi kuwakha. Woponya amaima pakachulu pakati pa bwalo n'kuponyera mpira kwa mnzake wowakha amene wanjuta kumbuyo kwa womenya. Womenyayo akaupeza mpirawo ndi chibonga amathamanga kuzungulira malo anayi otchedwa mabesi, ndipo akabwerera pomwe adayambira, chimenecho ndiye chigoli. Akaumenya n'kudumpha mpanda, imeneyo ndi home run, amazungulira mosatekeseka. Omenya atatu akatulutsidwa, matimu amasinthana, ndipo masewero amakhala ndi zigawo 9. Chofunika kuchigwira n'chakuti kumenya mpirawu n'kovuta zedi. Katswiri weniweni amalephera ka 7 pa maulendo 10 aliwonse.

WOULUTSA: Ndiye kuti wopambana katatu kokha pa khumi ndi dolo?

MLENDO: Dolo wodya mamiliyoni. Ndipo ligi yaikulu, Major League Baseball, ili ndi matimu 30, iliyonse imasewera masewero 162 pa sizoni, pafupifupi tsiku ndi tsiku kuyambira Epulo mpaka kumapeto a Seputembala. Mu Okutobala mumabwera mpikisano wachipulula, womwe umathera pa World Series, pomwe timu yoyamba kupambana masewero anayi imatenga chikho.

WOULUTSA: Nanga bwanji mwasankha Cubs pa matimu 30 onsewo?

MLENDO: Chifukwa palibe masapota amene adadikira ngati amenewa. Cubs idatenga chikho mu 1907 ndi 1908, kenaka basi. Pofika 2015 panali patadutsa zaka 107. Bwalo lawo la Wrigley Field lidamangidwa mu 1914, kutanthauza kuti ngakhale bwalolo, lakalekale chomwecho, linali lisanaonepo timu yake ikukweza chikho. Mu World Series adalowamo komaliza mu 1945, n'kugonja kwa Detroit Tigers. Chaka chimenechonso m'pomwe padachokera nkhani ya mbuzi.

WOULUTSA: Mbuzi yalowa bwanji m'masewero?

MLENDO: Mkulu wina wa bala yotchedwa Billy Goat Tavern, William Sianis, adabwera ndi mbuzi yake ku bwalo pa World Series ya 1945. Sadamulole kuti aonere nayo masewero, ndipo anthu amati adakwiya n'kutemberera timuyo. Kuyambira pamenepo, chilichonse chikalakwika, masapota ankaloza mbuzi. Mu 1969 ankatsogola ligi kwa miyezi yambiri, koma adagwa kumapeto. Mu 2003 ankatsogola masewero atatu kwa amodzi polimbana ndi Florida Marlins, atangotsala kupambana kamodzi kuti alowe mu World Series, n'kugonja katatu kotsatizana. Mwana ankabadwa, kukula, kukwatira, kuona zidzukulu, n'kumwalira, mawu ali omwewo: chaka chamawa.

WOULUTSA: Azungunso amakhulupirira zotsirika, eti?

MLENDO: Sapota ndi sapota kulikonse, achemwali. Koma chimene chidasintha zinthu sichidali kusamba mankhwala. Mu 2009 banja la Ricketts lidagula timuyo, ndipo mu Okutobala 2011 lidalemba ntchito Theo Epstein kuti aziyang'anira zonse za osewera. Ameneyu ndi amene adathandiza Boston Red Sox kutenga chikho mu 2004 itadikira zaka 86. Epstein sadabise: adauza masapota kuti timu iyamba yaphwasulidwa, ndipo kumanganso kutenga nthawi. Mu 2012 Cubs idagonja masewero 101. Mu 2013 idagonja 96, mu 2014 idagonja 89.

WOULUTSA: Imani kaye. Timu yogonja chonchi sitsika ligi?

MLENDO: Apa m'pomwe baseball isiyana ndi mpira wamiyendo umene tidauzolowera. Kulibe kutsika ligi. Ukhoza kukhala kumchira zaka zisanu, malo ako ali pomwepo. Kuonjezera apo, chaka chilichonse matimu amasankha anyamata ochokera m'sukulu ndi m'makoleji, ndipo nthawi imeneyo lamulo linali lakuti timu imene yachita moipitsitsa ndiyo imayamba kusankha. Ndiye kugonja kunali ndi malipiro ake. Mu 2013 Cubs idasankha yachiwiri n'kutenga Kris Bryant. Mu 2014 idasankha yachinayi n'kutenga Kyle Schwarber. Mchitidwe wogonja mwadala wotere udafala mpaka ligi idasintha lamulo, ndipo kuyambira 2023 malo oyambirira amachitira mayere.

Mbali ina inali kusinthanitsa. Epstein ankapereka osewera odziwika kwa matimu amene ali pa liwiro lofuna chikho, iye n'kutengako anyamata. Anthony Rizzo adachokera ku San Diego mu 2012. Kyle Hendricks adachokera ku Texas chaka chomwecho. Jake Arrieta, woponya amene ku Baltimore ankaoneka ngati walephera, adabwera mu 2013. Addison Russell adachokera ku Oakland mu 2014. Pamene Epstein adaona kuti mbewu zamera, m'pamene adatsegula chikwama: kochi Joe Maddon adabwera mu Novembala 2014, ndipo mwezi wotsatira woponya Jon Lester adasaina kontrakiti ya zaka 6 ya madola 155 miliyoni.

WOULUTSA: Ndiye 2015 idayenda bwanji?

MLENDO: Kuposa momwe aliyense ankaganizira. Adapambana masewero 97. Arrieta adapambana 22 n'kulandira mphoto ya Cy Young, ya woponya wopambana onse mu ligi yawo. Bryant adasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana. M'chipulula adatulutsa Pittsburgh Pirates, kenaka adani awo akalekale, St. Louis Cardinals. Mzinda udapenga. Padalinso filimu ya mu 1989, Back to the Future Part II, imene idaseleula kuti Cubs idzatenga chikho mu 2015, ndipo anthu adayamba kunena kuti ulosi ukukwaniritsidwa. Koma New York Mets idawakwapula masewero anayi otsatizana, ndipo m'masewero anayi onsewo Cubs sidatsogoleko ngakhale kamodzi. Adatuluka pa 21 Okutobala 2015, tsiku lenileni limene filimu ija imatchula. Amene adawazunza kwambiri ndi Daniel Murphy, yemwe adamenya home run m'masewero onse anayi. Mukudziwa dzina la mbuzi ya Sianis ija?

WOULUTSA: Musandiuze kuti...

MLENDO: Murphy.

(Kuseka. Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za masapota a Chicago Cubs ndi mkangano wawo pokonzekera sizoni ya 2016. Achimwene, timu yapambana 97, anyamata onse ndi ang'onoang'ono. Chokanganirana n'chiyani? Si kungowasiya akule?

MLENDO: Amenewo ndiwo adali maganizo a gulu limodzi. Koma gulu lina linkati tiyeni tione chimene Mets yatiphunzitsa. Mets idali ndi oponya anayi achinyamata, Matt Harvey, Noah Syndergaard, Jacob deGrom ndi Steven Matz. Cubs idali ndi awiri odalirika, Arrieta ndi Lester, kenaka mtima m'mwamba. Omenya a Cubs nawonso adatsogola ligi yonse pa kuphonya mpira mpaka kutulutsidwa. Ndiye gulu ili linkati gulani woponya wamkulu, kaya ndi ndalama, kaya popereka mmodzi mwa anyamatawa.

Kuti omvera amvetse kulemera kwa mawu amenewo, tifotokoze malamulo. Masiku amenewo timu inkaloledwa osewera 25 okha okonzeka kulowa m'bwalo, lero ndi 26, ndipo pali mndandanda wina wa anthu 40 otetezedwa kuti matimu ena asawatenge. Mnyamata akalowa mu ligi yaikulu, amakhala m'manja mwa timu yake zaka 6. Zaka zitatu zoyamba amalandira pafupifupi malipiro otsikitsitsa. Zitatu zinazo, akasemphana ndi timu pa malipiro, nkhani imapita kwa oweruza apadera. Zikatha zaka 6 m'pamene amamasuka kupita kwa aliyense wolipira bwino, ufulu umene osewera adaupeza mu 1975 atalimbana nthawi yaitali. Choncho mnyamata waluso ndi chuma kawiri: amasewera bwino, ndipo ndi wotchipa. Kumugulitsa n'kutaya zaka zimenezo.

WOULUTSA: Ndikuona ngati matimu akhoza kuchita ukathyali pa zaka 6 zimenezi.

MLENDO: Amachita, ndipo Cubs yomweyi idachita. Chaka chimodzi chimawerengedwa wosewera akakwanitsa masiku 172 ali mu ligi yaikulu. Mu 2015 Bryant adamenya bwino kuposa aliyense pa masewero okonzekera, koma adamutumiza ku timu yaing'ono n'kudzamuitana pa 17 Epulo. Sizoni itatha adapezeka ndi masiku 171. Tsiku limodzi lokhalo lidapatsa timu chaka china chathunthu. Adakadandaula, koma mlandu adaluza mu 2020. Masapota ambiri adaombera m'manja nzeru za mabwana. Ine ndimati kumeneko kudali kumudyera masuku pamutu mnyamatayo, ngakhale lamulo linkalola.

WOULUTSA: Tibwerere kwa oponya aja. Adagula?

MLENDO: Pamsika padali awiri akuluakulu. David Price adapita ku Boston pa madola 217 miliyoni, zaka 7. Zack Greinke adapita ku Arizona pa madola oposa 206 miliyoni, zaka 6. Cubs idatenga John Lackey, bambo wa zaka 37, pa madola 32 miliyoni, zaka ziwiri. Ena adakhumudwa kuti tinkafuna nyama, mwatipatsa mafupa. Ena adati ameneyu watengapo chikho kawiri, ku Anaheim mu 2002 ndi ku Boston mu 2013, ndipo tamulanda kwa Cardinals, zomwe kwa sapota wa Cubs ndi phwando palokha.

Pomwe mkangano udafika potentha ndi pa anyamata awiri, Javier Báez ndi Jorge Soler. Báez, wa ku Puerto Rico, adali ndi manja ofulumira modabwitsa, koma mu 2014 ankaphonya mpira mochititsa manyazi. Soler, wa ku Cuba, adali ndi mphamvu, koma ankavulalavulala. Onse awiri adalibe malo okhazikika m'timu. Ndiye funso linali lakuti, tipereke mmodzi kuti tipeze woponya wachinyamata?

WOULUTSA: Ine ndikadapereka. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mnyamata amene mukuti adzakhala katswiri akhoza osadzakhala. Woponya amene waonetsa kale luso ndi wogwirika.

MLENDO: Ambiri adalankhula chomwecho, ndipo si maganizo opusa. Anyamata ambiri otamandidwa amazilala. Vuto n'lakuti mu baseball woponyayo ndi amene sachedwa kuuluka ndi mphepo. Dzanja la munthu silidalengedwere kuponya mpira pa liwiro la makilomita 150 pa ola, maulendo 100 pa tsiku. Mtsempha wa pachigongono ukaduka, opaleshoni yake imamukhazika pansi kupitirira chaka. Epstein ankakonda kusunga omenya achinyamata, oponya n'kumawapeza mwanjira zina. Sadagulitse Báez, sadagulitse Soler. Amene adapita ndi munthu wina.

WOULUTSA: Ndani?

MLENDO: Starlin Castro, mnyamata wa ku Dominican Republic amene adalowa m'timu mu 2010 ali ndi zaka 20. Zaka zonse zogonja zija, iye ndi amene ankapatsa anthu chifukwa chopitira ku bwalo, ndipo adasankhidwa katatu kukasewera masewero a akatswiri a ligi. Mu Ogasiti 2015 adalandidwa malo ake a shortstop, apakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu, n'kupatsidwa Russell. Pa 8 Disembala, mabwana a matimu ali pa msonkhano wawo wapachaka ku Nashville, Cubs idamutumiza ku New York Yankees, ndipo tsiku lomwelo idagwirizana ndi Ben Zobrist pa madola 56 miliyoni, zaka zinayi. Castro adali ndi zaka 25, Zobrist 34. Apa masapota adagawikana kwenikweni. Ena ankati mungachotse bwanji mwana amene wavutika nafe pa njala, phwando lili pafupi, n'kubweretsa nkhalamba? Ena ankati Zobrist wangotenga kumene chikho ndi Kansas City Royals, saphonyaphonya mpira, amasewera malo ambiri, ndipo Maddon amamudziwa kuyambira ku Tampa Bay.

WOULUTSA: Mtima ndi mutu.

MLENDO: Patangopita masiku ochepa kudabwera nkhani yaikulu. Jason Heyward, wa zaka 26, naye wochokera ku Cardinals, adasaina zaka 8 pa madola 184 miliyoni, ndalama zimene Cubs inali isanalipirepo munthu. Manyuzipepala adalemba kuti kudali matimu ena omwe adamulonjeza zoposa pamenepo, koma iye adasankha Chicago chifukwa cha anyamata aja. Tangoganizani mmene masapota adamvera. Zaka zonsezi akatswiri ankaithawa timuyi, lero munthu akusiya ndalama kuti abwere.

WOULUTSA: Pamenepa ndiye panalibe wotsutsa.

MLENDO: Adalipo. Otsutsa ankati munthu wa ndalama zotere azimenya ma home run 30 kapena 40, pomwe Heyward mu 2015 adamenya 13. Ankakumbutsanso za Alfonso Soriano, amene adasaina zaka 8 pa madola 136 miliyoni mu 2006, ndipo zaka zake zomaliza zidasanduka katundu wolemera. Omuikira kumbuyo ankayankha ndi masamu. Ankati phindu la wosewera silili pa kumenya pokha: Heyward amagwira mipira imene ena sangaifike, amathamanga mwanzeru, ndipo pa zaka 26 ndiye kuti nyonga zake zikubwera kumene. Masiku ano masapota a baseball amakangana ndi manambala, achemwali. Pali muyeso wina wotchedwa WAR umene umayerekeza kuti wosewera wabweretsa zipambano zingati poyerekeza ndi munthu wamba wongotolapo, ndipo pa muyeso umenewo Heyward adali m'gulu la apamwamba.

Padatsala mafunso awiri. Loyamba, Schwarber aziima pati? Kumenya ankamenya ngati alibe chisoni, koma ntchito yake yowakha kumbuyo kwa womenya inali isanapse, ndipo atamuika kumanzere kwa bwalo, masewero a Mets aja adamuyalutsa. Lachiwiri, ndani aziima pakati kumbuyo, malo ofuna liwiro? Mwini malowo, Dexter Fowler, kontrakiti yake idali itatha, ndipo mu Febuluwale 2016 nkhani idamveka paliponse kuti wagwirizana ndi Baltimore Orioles.

WOULUTSA: Koma miyezi yonseyi popanda masewero, anthuwa amakanganira kuti?

MLENDO: M'mabala ozungulira Wrigley Field, pa mawailesi a zamasewero omwe anthu amaimba foni tsiku lonse, m'nyumba pa chakudya cha Khirisimasi. Mu Januwale timu imachititsa msonkhano wa masapota mu hotela, komwe anthu amafunsa mabwana maso ndi maso. Kenaka pakati pa Febuluwale osewera amapita ku Mesa, m'chigawo chotentha cha Arizona, kukayamba zokonzekera. Kumeneko, pa 25 Febuluwale, osewera ali pabwalo, adangoona munthu akubwera poteropo ndi Epstein, atavala zovala wamba. Fowler. Za Baltimore zija zidali zisanasainidwe, ndipo adabwerera pa kontrakiti ya chaka chimodzi. Anzake adamuthamangira kukamukumbatira. Pofika pamenepo, ngakhale akatswiri olosera ndi a juga ankaika Cubs patsogolo pa matimu onse, chinthu chimene chidaopsa masapota achikulire kuposa kugonja.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Tsopano tiuzeni, pa mkangano wonsewu adalondola ndani?

MLENDO: Tiyambe ndi Schwarber, amene anthu adathera malovu pa iye miyezi inayi. Pa 7 Epulo, sizoni itangoyamba, adaombana ndi Fowler pothamangira mpira umodzi, n'kuduka mitsempha iwiri ya bondo. Sizoni yonse sadasewerenso. Funso la komwe aziima lidathera pomwepo, ndipo kubwerera kwa Fowler, komwe palibe adakuwerengera, kudasanduka chipulumutso.

Woponya wamkulu amene ankamulirira uja adapezeka kuti ali m'nyumba momwemo. Hendricks, amene saponya mwamphamvu ndipo dzina lake silinkatchulidwa kwenikweni pa mkangano, ndiye adapereka zigoli zochepa kuposa oponya onse a ligi yaikulu chaka chimenecho. Báez, amene ankati agulitsidwe, adagawana ndi Lester mphoto ya wosewera wopambana pamene Cubs idagonjetsa Los Angeles Dodgers n'kulowa mu World Series koyamba chichokere 1945. Bryant adasankhidwa wosewera wopambana onse mu National League, theka la ligi yaikulu komwe kuli Cubs. Timu idapambana masewero 103.

WOULUTSA: Nanga wa madola 184 miliyoni uja?

MLENDO: Adamenya bwino maulendo 23 okha pa 100 aliwonse, ma home run 7 sizoni yonse. Kugwira mipira ankagwira, mpaka adalandira mphoto ya Gold Glove, koma chibonga chidamukana, ndipo m'chipulula masewero ena ankayambira pa benchi.

WOULUTSA: Komatu ine ndidamva kuti Heyward yemweyo ndi amene adapulumutsa timu pa tsiku lomaliza.

MLENDO: Tiyeni tifike kumeneko. World Series idali yolimbana ndi Cleveland Indians, timu imene nayo idali isanatenge chikho chichokere 1948. Cleveland idatsogola masewero atatu kwa amodzi. Cubs idapambana awiri, nkhani n'kukathera pa masewero a chisanu ndi chiwiri, pa 2 Novembala 2016, ku Cleveland. Womenya woyamba weniweni, Fowler, adamenya home run. Cubs idatsogola 5 kwa 1, kenaka 6 kwa 3. M'chigawo cha 8 Maddon adaitana Aroldis Chapman, woponya wa liwiro loopsa amene adamugula kwa Yankees mu Julayi. Kugula kumeneko kudali ndi mkangano wakewake, chifukwa Chapman adali atangomaliza chilango cha masewero 30 pa nkhani ya nkhanza za m'banja, ndipo masapota ena adanena poyera kuti sangamuombere m'manja. Usiku umenewo adali wotopa, Maddon atamugwiritsa ntchito mopitirira m'masewero am'mbuyo. Rajai Davis adamumenya home run, zigoli n'kufanana 6 kwa 6.

Chigawo cha 9 chitatha, kudagwa mvula, masewero n'kuima mphindi 17. Pamenepo Heyward adaitanira anzake m'kachipinda kochitira majimu n'kuwalimbitsa mtima. Atabwerera, woyamba kumenya adali Schwarber.

WOULUTSA: Wa bondo uja?

MLENDO: Yemweyo. Madokotala adamulola kumenya patatsala masiku ochepa kuti World Series iyambe, ndipo pa maulendo 17 adamenya bwino ka 7, munthu woti sadasewere miyezi isanu ndi umodzi. Iye ndiye adatsegula njira m'chigawo cha 10. Zobrist, nkhalamba ija, adamenya mpira umene udabweretsa chigoli chotsogolera, Miguel Montero n'kuonjezera china. Cleveland idabweza chimodzi, koma zidathera 8 kwa 7, Bryant ataponyera Rizzo mpira womaliza. Ku Cleveland kudali kutadutsa pakati pa usiku, kuno kwathu dzuwa la pa 3 Novembala lidali litatuluka kale. Zobrist ndiye adasankhidwa wosewera wopambana wa World Series.

WOULUTSA: Ndiye mwaona, achimwene. Popanda mawu a Heyward aja, mwina bwenzi akudikirabe mpaka lero.

MLENDO: Osewera anzake amanenadi kuti msonkhanowo udawathandiza, ndipo sindingawatsutse, adali momwemo ndi iwo. Koma ndimaona kuti masapota amaikonda nkhaniyi chifukwa imawapeputsira ngongole. Palibe amene mu Disembala 2015 adati tilipire madola 184 miliyoni kuti munthu adzalankhule mvula ikadzagwa. Adamugulira kumenya, ndipo kumenyako sikudabwere mmene ankayembekezera. Timu idamumasula sizoni ya 2022 itatha, kontrakiti ikadali ndi chaka chimodzi, n'kumamulipira akusewera ku Dodgers. Amasamu aja, omwe adalondola pa Zobrist, pa Heyward adaphonya. Achikale omwe ankawerenga ma home run adalondola pa Heyward, koma akadawamvera pa Báez bwenzi atalira. Chiyembekezo cha masapota chidali choona, koma zifukwa zomwe ankapereka zambiri sizidali zimene zidabweretsa chikho. Chikhocho chidachokera kwa anthu omwe adasonkhanitsidwa mwakachetechete zaka zogonja zija, pamene bwalo linkakhala ndi mipando yopanda anthu.

WOULUTSA: Ine pa Heyward sindikugonja, koma tipitirire. Pali funso limene omvera angakhale nalo: kodi mu ligi imeneyi mudalowapo munthu wa kuno ku Africa?

MLENDO: Adalowa, ndipo nkhani yake ikukhudza Cubs yomweyi. Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene adakulira ku Randburg, adasewera koyamba mu ligi yaikulu pa 26 Epulo 2017 atavala yunifolomu ya Pittsburgh Pirates. Tsiku limenelo ankalimbana ndi Cubs, eni chikho, ndipo ulendo wake woyamba womenya adaupeza mpira wa Jon Lester n'kufika pa besi yoyamba.

WOULUTSA: Abale athu a ku Joni amve zimenezo. Nanga anyamata a 2016 aja adatenganso zikho zingati? Poti onse adali ang'onoang'ono.

MLENDO: Limenelo ndilo lidali yembekezo la mzinda wonse, kuti ufumu wayamba. Sadatengenso. Mwezi umodzi chikho chitabwera, Fowler adapita ku Cardinals, Chapman adabwerera ku Yankees, ndipo Soler adatumizidwa ku Kansas City posinthana ndi woponya Wade Davis. Soler yemweyo adamenya ma home run 48 mu 2019, ndipo mu 2021 adasankhidwa wosewera wopambana wa World Series ali ku Atlanta Braves. Mu 2017 Cubs idafikanso pafupi, koma Dodgers idabweza chipongwe. Kenaka zaka 6 zija zidayamba kutha, onse pafupifupi nthawi imodzi, poti adalowanso nthawi imodzi. Epstein adachoka kumapeto a 2020, Schwarber adamasulidwa. Pa 29 ndi 30 Julayi 2021, m'masiku awiri okha, Rizzo adapita ku Yankees, Báez ku Mets, Bryant ku San Francisco Giants. Posinthana ndi Báez, Cubs idalandira mnyamata wa zaka 19 amene adali atangochitidwa opaleshoni ya phewa, Pete Crow-Armstrong. Masapota ambiri adatukwana tsiku limenelo. Mu 2025 mnyamatayo ndi amene adaima pakati kumbuyo pa masewero a akatswiri a ligi, atavala malaya a Cubs.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, achimwene. 

MLENDO: Zikomo achemwali.

 

(Nyimbo yotsekera)